Mmene mungadyere sushi motsata mwambo wa ku Japan

Anthu ambiri akamva mawu akuti sushi amaganiza za nsomba yaiwisi, ndipo ena amayamba kukwinya nkhope nkhani isanapite patali. Komatu nsomba yaiwisi yodulidwa mapisi n'kudyedwa payokha ili ndi dzina lake, imatchedwa sashimi. Chimene chimachititsa chakudya kutchedwa sushi ndi mpunga wothira viniga, mchere ndi shuga pang'ono, moti pali sushi ya nkhaka, ya dzira lokazinga ndiponso ya nsomba yophika, ndipo yonseyo ndi sushi yeniyeni. Ndayambira pamenepa chifukwa malangizo onse amene ndikupereka atsamira pa mfundo imeneyi. Miyambo yambiri imene mlendo amaiwona ngati yovuta pa malo odyera sushi inakhazikika pofuna kuti mpunga ufike m'kamwa mwa wodya uli mmene wokonzayo anafunira, ndipo munthu amene wamvetsa zimenezi savutika kuloweza malamulo chifukwa amaona yekha cholinga cha lamulo lililonse.

Choyamba, dziwani kumene chakudyachi chinachokera

Sushi inayamba ngati njira yosungira nsomba kuti isawole. M'madera olima mpunga a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, anthu ankathira nsomba mchere, kuisanja mu mpunga wophika m'mbiya kapena m'mgolo wamatabwa, n'kupsinja pamwamba ndi mwala wolemera. Mpungawo ukamasasa unkaletsa nsombayo kuwonongeka, ndipo pakapita miyezi ankavundukula, kutaya mpunga umene unali utasanduka phala lowawasa, n'kudya nsomba yokha. Njirayi inafika ku Japan kalekale, moti malamulo a boma otchedwa Yōrō, a m'chaka cha 718, amatchula kale sushi pakati pa zinthu zimene anthu ankaperekera msonkho. Sushi ya mtundu umenewu imatchedwa narezushi, ndipo ikadalipo mpaka lero. M'chigawo cha Shiga, m'mbali mwa nyanja ya Biwa, anthu akukonzabe funazushi ndi nsomba yotchedwa nigorobuna, imene amayamba aisunga mu mchere kwa miyezi ingapo, kenako n'kuiika mu mpunga nyengo yotentha ikafika, n'kudikira mpaka kumapeto kwa chaka kapena kupitirira apo. Fungo lake ndi lamphamvu kwambiri moti ngakhale a ku Japan ambiri amalephera kuidya.

M'nthawi ya Muromachi, kuyambira 1336 mpaka 1573, anthu anayamba kuvundukula migolo ija msanga, mpunga usanaphwanyike, n'kumadya nsomba pamodzi ndi mpungawo. Kusintha kumeneku kumaoneka kochepa, koma ndi pamene mpunga unasiya kukhala chotayidwa n'kukhala mbali ya chakudya. M'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, viniga atayamba kupezeka mosavuta, anthu anaona kuti palibe chifukwa chodikirira miyezi kuti mpunga usase wokha pamene akhoza kuuthira viniga n'kudya tsiku lomwelo. Chigawo chilichonse chinapeza njira yakeyake. Ku Osaka ankapsinja mpunga ndi nsomba m'kabokosi kamatabwa n'kudula timagawo, ndipo imeneyi ndi oshizushi. Ku Kyoto, mzinda umene uli kutali ndi nyanja yamchere, ankakonza sabazushi ndi nsomba ya saba imene inkabwera yothira mchere kuchokera ku gombe la Wakasa. Ku Nara ankakulunga sushi m'masamba a mtengo wa zipatso wotchedwa kaki.

Sushi imene dziko lonse likuidziwa lero, ya kampunga koumbidwa pamanja n'kuikapo kachidutswa ka nsomba pamwamba, imatchedwa nigiri ndipo inabadwira mu mzinda wa Edo, umene tsopano ndi Tokyo, cha m'ma 1820. Munthu amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anaitchukitsa ndi Hanaya Yohei, amene anabadwa mu 1799 n'kumwalira mu 1858, ndipo ankagulitsa malonda ake m'dera la Ryōgoku. Edo unali mzinda wa anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo amuna ogwira ntchito zamanja amene ankafuna chakudya chachangu, choncho nigiri inkagulitsidwa pa timisasa ta m'mbali mwa msewu totchedwa yatai, anthu n'kumadya ataimirira. Chidutswa chimodzi chinali chachikulu kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi cha masiku ano. Viniga wake anali wofiirira, wotchedwa akazu, wopangidwa ndi masese a mowa wa sake, ndipo ankachokera ku tauni ya Handa kumene Nakano Matazaemon anayambitsa mu 1804 kampani imene lero imadziwika ndi dzina la Mizkan. Popeza kunalibe firiji, pafupifupi nsomba iliyonse inkayenera kukonzedwa isanaikidwe pa mpunga: tuna ankainyika mu msuzi wa soya, kansomba kotchedwa kohada ankakathira mchere ndi viniga, ndipo anago, amene ndi mkunga wa m'nyanja yamchere, ankamuphika mu msuzi wotsekemera. Ntchito imeneyi ndi imene imatchedwa Edomae, kutanthauza kutsogolo kwa Edo, pokumbukira nyanja imene nsombazo zinkagwidwa.

Zinthu ziwiri zowawa ndi zimene zinafalitsa nigiri m'dziko lonse la Japan. Chivomezi chachikulu cha pa 1 Sepitembala 1923 chinagwetsa ndi kutentha mbali yaikulu ya Tokyo, ndipo amisiri ambiri a sushi anabwerera kwawo kapena kusamukira m'mizinda ina atanyamula luso lawo. Kenako mu 1947, chakudya chitasowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma linaletsa malo odyera ambiri kugwira ntchito, koma amisiri a sushi a ku Tokyo analoledwa kupitiriza monga anthu ongokonzera ena chakudya: kasitomala ankabweretsa muyeso umodzi wa mpunga wotchedwa gō, umene ndi magalamu pafupifupi 150, n'kulandira zidutswa 10. Dongosolo limeneli litatengedwa m'zigawo zina, nigiri inafala paliponse, ndipo zidutswa 10 zinakhazikika kukhala gawo la munthu mmodzi.

Chachiwiri, sankhani malo molingana ndi thumba lanu

Malo odyera sushi alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Oyamba ndi kaiten-zushi, kumene timbale timayenda pa lamba wozungulira kutsogolo kwa odya. Anayambitsa ndi Shiraishi Yoshiaki, amene anatsegula Genroku Sushi mu 1958 m'dera limene lero ndi Higashiosaka, ataona mmene mabotolo ankayendera pa lamba m'fakitale ya mowa. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, ndikukulangizani kuti muyambire kumeneku, chifukwa mitengo ndi yotsika ndipo mukhoza kulawa mitundu yambiri popanda mantha. Malamulo ake ndi ochepa. Mukasankha, nyamulani mbale yonse m'malo motola sushi n'kusiya mbale yopanda kanthu ikuzungulira, mbale imene mwaikhudza musaibwezerenso pa lamba, ndipo zimene mwadyera muzisanjike pambali panu chifukwa mtengo amawerengera kuchuluka kwa mbale ndi mtundu wake.

Malo achiwiri ndi sushi-ya yachikhalidwe, imene nthawi zambiri imakhala ndi mipando yochepa chabe yondandalikidwa kutsogolo kwa thebulo lalitali lamatabwa, mmisiri ataimirira kuseri kwake. Kumeneku lembetsani malo pasadakhale ndipo fikani pa nthawi yake, chifukwa mpunga amauphika powerengera ola limene mudzakhale pansi. Mukaona kuti simutha kupita, dziwitsani msanga, poti nsomba imagulidwa m'mamawa molingana ndi chiwerengero cha alendo. Ku Tokyo ambiri amagula ku msika wa Toyosu, umene mu Okutobala 2018 unalowa m'malo mwa msika wotchuka wa Tsukiji umene unagwira ntchito kuyambira 1935. Pa nthawi yolembetsayo nenaninso ngati pali chakudya chimene thupi lanu limadana nacho. Musadzole mafuta onunkhira kwambiri tsiku limenelo, chifukwa m'kachipinda kakang'ono fungo lotere limaphimba kafungo ka viniga ndi nsomba, ndipo amene amavutika ndi anzanu amene alipira ndalama zambiri kuti amve kukoma kumeneko.

Njira zoitanitsira zilipo zitatu. Okimari ndi gawo loikika kale lokhala ndi mtengo wodziwika, okonomi ndi pamene mukusankha nokha chidutswa chilichonse, ndipo omakase ndi pamene mwasiyira mmisiri kuti akusankhireni zimene zili bwino tsikulo. Mukasankha omakase, funsani mtengo wake polembetsa, ndipo musachite nazo manyazi chifukwa eni dziko nawonso amafunsa.

Chachitatu, lowani ndi kukhala pansi

Pakhomo pakakhala nsalu yaifupi yolendewera yotchedwa noren, ndiye kuti malowo ndi otsegula. Mukamalowa mudzamva mawu akuti irasshaimase, amene ndi malonje, ndipo safuna yankho kupatula kuweramitsa mutu pang'ono. Mudzapatsidwa kansalu konyowa kotchedwa oshibori, kamene ndi kopukutira m'manja basi, osati kumaso kapena m'khosi. Thebulo la m'malo apamwamba limakhala la mtengo wa hinoki wosapaka vanishi, umene amaukwecha tsiku ndi tsiku ndipo umakalika mosavuta, choncho vulani wotchi ndi zibangili ndipo musaikepo foni, makiyi kapena chikwama. Ngati mukufuna kujambula chithunzi, pemphani kaye.

Mmisiri wa sushi amatchedwa itamae, kutanthauza amene ali kutsogolo kwa thabwa lodulirapo, ndipo ngati ndi mwini malo, alendo amamuitana kuti taishō. Pakati pa amisiriwa pali mawu akale akuti kuphika mpunga kumatenga zaka 3 ndipo kuumba nigiri kumatenga zaka 8. Masiku ano kuli sukulu zophunzitsa ntchitoyi kwa miyezi yochepa, ndipo anthu amatsutsana ngati zaka zonsezo zikufunikadi, koma mawuwo akusonyeza bwino chimene eni ntchito amachiika patsogolo: wophunzira amayamba ndi mpunga, ndipo mpeni amaugwira pambuyo. Pali mwambo umodzi umene sindiuona kukhala woyenera kuusunga, umene ndi wotsekereza akazi ntchitoyi ponena kuti manja awo ndi ofunda kwambiri moti amawononga nsomba. Mfundoyi ilibe umboni, ndipo akazi amene alowa m'ntchitoyi m'zaka zaposachedwa asonyeza kuti chofunika ndi luso basi.

Musanayambe kudya nenani kuti itadakimasu, mawu othokoza amene amatanthauza kuti ndikulandira modzichepetsa.

Chachinayi, tsatani ndondomeko ya nsomba

Palibe lamulo lokakamiza, koma amisiri ambiri amayamba ndi nsomba zoyera za kukoma kofatsa, monga tai ndi hirame, pamodzi ndi kanyama ka m'nyanja yamchere ka mikono yambiri kotchedwa ika, kuti lilime lisatope msanga. Kenako pamabwera tuna, kuyambira mnofu wofiira wopanda mafuta wotchedwa akami mpaka wa pamimba wonona wotchedwa toro. Pamabweranso nsomba za khungu lonyezimira monga kohada, aji ndi saba, ndiye mazira a nsomba otchedwa ikura, amene amaikidwa pa kampunga kozunguliridwa ndi nori, ndere zouma za m'nyanja yamchere. Kaumbidwe kameneka kamatchedwa gunkan, kutanthauza sitima yankhondo, ndipo kanayambira pa malo odyera a Kyubey m'dera la Ginza ku Tokyo mu 1941. Chakumapeto kumabwera anago, kenako sushi yokulunga yotchedwa maki, ndipo amatsiriza ndi dzira lokazinga lotsekemera. Ngati mukusankha nokha, funsani mmisiri chimene chili m'nyengo yake, chifukwa a ku Japan amalemekeza kwambiri shun, nthawi imene nsomba iliyonse imakoma koposa.

Zimene anthu amazitama lero sizinali zotamandika nthawi zonse. M'nthawi ya Edo toro inkawonongeka msanga ndipo mafuta ake sankalola msuzi wa soya kulowerera, moti anthu ankainyoza kuti ngakhale mphaka amangoidumpha. Mafiriji atafala, mbali yomweyo inasanduka yodula kuposa zonse, ndipo pa malonda oyamba a chaka cha 2019 ku Toyosu, Kimura Kiyoshi wa malo odyera a Sushizanmai analipira ndalama za ku Japan zokwana ma yen 333.6 miliyoni pogula tuna imodzi yolemera makilogalamu 278 yogwidwa ku Ōma m'chigawo cha Aomori. Nayo salmon, imene alendo ambiri amaiyesa sushi yachikale, inalowa posachedwa. A ku Japan sankaidya yaiwisi chifukwa ya m'nyanja zawo imakhala ndi tinyongolotsi, mpaka pamene dziko la Norway linayamba kulimbikitsa malonda a salmon yoweta m'zaka za m'ma 1980. Pa chifukwa chimenechi malo ena osunga mwambo wa Edomae saigulitsa, choncho musadabwe mukaisowa. Ine ndinganene kuti mukafuna kudziwa luso la mmisiri, lawani kohada, chifukwa kansomba kotchipa kameneka kamakoma pokhapokha mchere, viniga ndi nthawi zayezedwa bwino.

Chachisanu, nyamulani, sunsani, idyani

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nigiri yabwino siumbidwa molimba ngati mbamu ya nsima. Mmisiri amaifinya mokwanira kuti igwirane kunja koma n'kusiya mpweya pakati pa njere za mpunga, kuti ikangofika pa lilime imwazike. Mpungawo, umene eni ntchito amautcha shari, amausunga wofunda ngati thupi la munthu, pamene nsomba ya pamwamba, yotchedwa neta, imakhala yozizirira. Zonsezi zimasintha pakangopita kanthawi kochepa, mpunga umazizira ndipo nsomba imayamba kuuma, choncho chidutswa chikaikidwa patsogolo panu, dulani nkhani imene mukukamba ndipo chidyeni nthawi yomweyo. Kusiya zidutswa zikuunjikana kwinaku mukucheza ndi chinthu chimene chimapweteka mtima mmisiri kuposa kulakwitsa kwina kulikonse.

Mukhoza kudya ndi manja, ndipo si kupanda ulemu, chifukwa nigiri inabadwira pa timisasa ta m'misewu pamene anthu ankadya ndi zala. Malo ena amaika kansalu kena kakang'ono konyowa pafupi nanu kopukutira nsonga za zala. Gwirani chidutswacho m'mbali ndi chala chachikulu ndi chapakati, chala cholozera chikhale pamwamba pa nsomba, ndipo musafinye. Ngati mukugwiritsa ntchito timitengo todyera, yambani mwachigoneka chammbali kuti timitengoto tigwire nsomba ndi mpunga pamodzi.

Posunsa, tembenuzani chidutswacho kuti nsonga ya nsomba yokha ikhudze msuzi wa soya. Mukasunsa mpunga, umamwa msuzi wambiri, umaphwasuka n'kugwera m'kambale, ndipo mchere umaphimba kukoma konse kumene mmisiri anayeza. Thirani msuzi wochepa m'kambale, wongokwanira kunyowetsa pansi pake, ndipo muwonjezere ukatha. M'malo ambiri apamwamba simudzasunsa n'komwe, chifukwa mmisiri amapaka yekha msuzi wotchedwa nikiri ndi kaburashi asanakupatseni. Mukaona nsomba ikunyezimira ndi msuzi, kapena yawazidwa mchere, kapena ndi anago wopakidwa msuzi wokhuthala wotsekemera, idyani mmene ziliri. Gunkan singatembenuzidwe popanda kutaya mazira ake, choncho ena amanyika kachidutswa ka jinja mu msuzi n'kudonthezera pamwamba, ndipo ena amangokhudzitsa pansi pake pang'ono.

Idyani chidutswa chonse kamodzi. Kuluma theka n'kubwezera lotsala pa mbale kumaphwasula mpunga, ndipo kusenda nsomba n'kusiya mpunga ndi kutaya mbali imene mmisiri anaivutikira kwambiri. Ngati zidutswazo zikukukulirani, kapena mwayamba kukhuta, pemphani kuti achepetse shari, ndipo adzachita zimenezo mokondwa. Maki yokulungidwa ndi nori imene mwapatsidwa m'manja idyeni msanga kuposa zonse, nori isanafewe ndi chinyezi cha mpunga. Sashimi yokha ndi imene simuyenera kuigwira ndi zala.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani ntchito ya wasabi, jinja ndi tiyi

Wasabi weniweni ndi tsinde la chomera chimene chimamera m'timitsinje ta madzi ozizira a m'mapiri, makamaka m'zigawo za Shizuoka ndi Nagano, ndipo amachipala pa kathabwa kokutidwa ndi chikopa cha shaki nthawi yodyera itakwana, chifukwa ukali wake umatha pakapita mphindi zochepa. Wobiriwira amene amagulitsidwa m'machubu kunja kwa Japan nthawi zambiri amapangidwa ndi muzu wina wotchedwa horseradish wosakaniza ndi mpiru ndi utoto. Mu nigiri mmisiri amakhala ataika kale wasabi pakati pa mpunga ndi nsomba, wochuluka pa nsomba yonona ndi wochepa pa yopanda mafuta, choncho palibe chifukwa chosungunulira wina mu msuzi wa soya. Ngati simumufuna, nenani kuti sabi nuki poyambirira.

Jinja wodulidwa mopyapyala n'kunyikidwa mu viniga wotsekemera amatchedwa gari, ndipo ntchito yake ndi kutsuka m'kamwa pakati pa nsomba ina ndi ina, osati kuikidwa pamwamba pa sushi. Tiyi wobiriwira wotentha amagwira ntchito yomweyo pochotsa mafuta pa lilime. Makapu a tiyi a m'malo a sushi ndi aakulu kuposa a kwina, ndipo anthu amafotokoza kuti mwini kamsasa wakale ankagwira ntchito yekha moti analibe nthawi yothirira alendo tiyi kawirikawiri. Amanenanso kuti odya ankatsukira zala m'tiyi wotsala n'kupukutira ku noren potuluka, kotero kuti kamsasa kokhala ndi nsalu yakuda kwambiri ndi kamene kankadziwika kuti kali ndi sushi yokoma.

Chachisanu ndi chiwiri, samalani ndi timitengo todyera

Zinthu ziwiri muzipewe kotheratu chifukwa zimakumbutsa maliro. Musapatsirane chakudya kuchoka pa timitengo tanu kupita pa ta mnzanu, popeza umu ndi mmene achibale amanyamulira mafupa a womwalira thupi likatenthedwa, ndipo musazike timitengo choimirira mu mpunga, chifukwa mbale yotere imaperekedwa kwa akufa. Mukapumira kudya, tigonekeni pa kotsamiritsa kake, ndipo musalozere nato munthu.

Chachisanu ndi chitatu, lipirani ndi kutsazika

Mukamaliza musakhalitse, makamaka pa malo a mipando yochepa pamene ena akudikira. Pemphani bilu ndi mawu akuti okaikei onegaishimasu. Mwina mudzamva anthu ena akunena kuti oaiso, kapena akutcha tiyi agari ndi msuzi wa soya murasaki, koma amenewa ndi mawu a eni ntchito okhaokha, ndipo mlendo amaoneka waulemu akagwiritsa ntchito mawu wamba. Ndalama musapatsire mmisiri m'manja, chifukwa manja akewo akugwira chakudya; perekani kwa wothandizira kapena ikani pa kambale kolandirira ndalama. Ku Japan sapereka ndalama yapadera yothokozera, ndipo mukaisiya pa thebulo akhoza kukuthamangirani nayo poganiza kuti mwaiwala. Kuthokoza kwenikweni ndi kuyang'ana mmisiri n'kunena kuti gochisōsama deshita.

Mukaitanidwa pakhomo

Nigiri ndi ntchito ya amisiri, ndipo mabanja kawirikawiri saiumba kunyumba. Mukaitanidwa mudzapeza chirashizushi, mpunga wa viniga wowazidwa dzira lodulidwa ngati tizingwe, ndiwo zamasamba ndi nsomba pamwamba, umene umadyedwa makamaka pa 3 Malichi, tsiku la chikondwerero cha ana aakazi chotchedwa Hinamatsuri. Mwina mudzapezanso inarizushi, mpunga woikidwa m'timatumba ta tofu wokazinga (tofu ndi chakudya chopangidwa ndi nyemba za soya), imene inatenga dzina kwa mulungu Inari chifukwa nkhandwe, zimene amati ndi atumiki ake, amazinenera kuti zimakonda tofu wotere. Pa Setsubun, tsiku lotsazikana ndi nyengo yozizira, kumayambiriro kwa Febuluwale, anthu ambiri amadya ehōmaki, mpukutu wonenepa umene saudula, ndipo amaudya ali chete atayang'ana mbali imene yatchulidwa kuti ndi yamwayi chaka chimenecho. Mwambowu unachokera ku Osaka ndipo masitolo ndi amene anaufalitsa m'dziko lonse chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900.

Mukafuna kuyesa nokha

Yambani ndi mpunga. Mufunika mpunga wa njere zazifupi zonenepa umene umamatirira ukapsa, chifukwa wa njere zazitali umamwazika ndipo suumbika. Tsukani magalamu 300 mpaka madzi ayere, unyikeni kwa mphindi 30, ndipo muuphike ndi madzi ocheperako pang'ono kuposa masiku onse. Sungunulani masupuni aakulu 2 a shuga ndi supuni yaing'ono 1 ya mchere m'masupuni aakulu 3 a viniga wa mpunga. Khuthulirani mpunga wotentha m'chiwiya chachikulu chotambalala, chamatabwa ngati chilipo, thirani viniga uja, ndipo sakanizani ndi chipande mochita ngati mukudula, osati movundula ngati nsima, kwinaku wina akukupiza kuti nthunzi ichoke ndipo njere zinyezimire. Vundikirani ndi nsalu yonyowa mpaka mpunga ufike pofunda ngati thupi.

Pa nkhani ya nsomba ndikuchenjezeni mwamphamvu. Viniga, mchere ndi wasabi sizipha tinyongolotsi totchedwa anisakis timene timapezeka mu nsomba za m'nyanja yamchere. Chimene chimapha ndi kuphika, kapena kuumitsa nsombayo m'firiji yozizira kufika madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osachepera 24. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi tizilombo tina toopsa, choncho chambo, kampango kapena nsomba ina iliyonse ya m'nyanja ndi m'mitsinje yathu musaidye yaiwisi ngakhale itangovuulidwa kumene. Gwiritsani ntchito nkhaka, mapeyala, dzira lokazinga kapena nsomba yophika. Yalani theka la pepala la nori pa kamphasa kansungwi mbali yonyezimira ili pansi, nyowetsani zala m'madzi othira viniga pang'ono, yalani mpunga mopyapyala kusiya kampata kumtunda, ikani nkhaka pakati, ndipo kulungani kamodzi mosafinya kwambiri. Dulani mpukutuwo zidutswa 6 ndi mpeni wakuthwa, mukuupukuta ndi nsalu yonyowa mukadula kulikonse, ndipo idyani nthawi yomweyo osaika m'firiji, chifukwa kuzizira kumaumitsa mpunga.